Ulendo wa ku Mambwe: Kodi Bala Likapola Amadziwa Ndani?

Msewu wochokera ku Chipata kupita ku Mfuwe ndi wa makilomita pafupifupi 130, ndipo masiku ano ndi wa phula mpaka kukafika pa mlatho wa Luangwa. Achikulire amene ankauyenda kale, m'masiku a fumbi ndi matope, amati nthawi ya dzinja munthu ankatsazika banja lake ngati akupita ku Joni. Ife tinauyenda maola atatu okha, pa minibasi yodzaza ndi matumba a ufa, zigubu za mafuta ophikira ndi nkhuku ziwiri zimene zinadandaula njira yonse. Galimoto ikangoyamba kutsetsereka mapiri, kamphepo kayeziyezi ka ku Chipata kamatsalira kumtunda, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumakulandirani ngati mwalowa m'khitchini mwa mayi amene akuphika mowa. Misuku ndi mitengo ya mombo imayamba kuchepa; m'malo mwake mumaona tsanya wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, milambe, ndi mivunguti yolendewera zipatso zake zonga minsi. Mtsinje wa Lupande, umene m'dzinja umakokolola minda ndi kutseka njira, unali mchenga wokhawokha, amayi atakumba tizitsime pakati pake.

Chimene chinanditengera kumeneko ndi uthenga wa mlongo wanga, amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale m'chigwamo. Iye anati: "Achimwene, bwerani mudzaone nokha. Kuno alendo a mapepala sakuduka phazi. Atiwerenga ife, awerenga ana, awerenga ndi mbuzi zomwe. Koma ngati akudziwa pamene pakutipweteka, kaya." Mawu amenewa anandikhala pamtima, chifukwa inenso ndinagwirapo ntchito yoyenda ndi mapepala oterewa m'midzi ya kwina, ndipo ndikuvomera pamaso panu, owerenga, kuti kawirikawiri ndinkabwerera ku ofesi ndi manambala okongola osadziwa ngati mayi amene ndamufunsa wagona ndi njala kapena ayi.

Dziko la Akunda

Boma la Mambwe linatenga dzina lake kwa Mambwe, mtsogoleri amene Akunda amati ndiye anawafikitsa m'chigwa muno kuchokera ku dziko la Aluba. Mafumu awo ndi asanu ndi mmodzi: Nsefu, amene ndiye wamkulu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Chaka ndi chaka amasonkhana ku mwambo wa Malaila, umene chiyambi chake ndi nyimbo ndi magule okondwerera mlenje amene wapha mkango wovutitsa mudzi. Zimenezi zokha zikutiuza kuti Mkunda ndi chilombo anadziwana kalekale. Ku Msoro kuli mishoni ya Angilikani kumene wansembe Leonard Kamungu, mwana wa ku Malawi, anagwirako ntchito mpaka imfa yake mu 1913. Ku Chikowa kuli mishoni ya Katolika ndi sukulu ya ntchito zamanja ya a Comboni. Ku Kamoto kuli chipatala cha mpingo wa Reformed. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 69,000 m'boma lonseli, koma wa 2022 anapeza kuti apitirira 100,000.

Kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa kuli nkhalango yotchuka ya South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050, imene inakhazikitsidwa monga paki mu 1972. Tsidya lino, kumene kumakhala anthu, ndi dera lotchedwa Lupande Game Management Area, ndiye kuti dziko limene lamulo limalola anthu ndi nyama kukhalira limodzi. Mpanda palibe. Malire ndi mtsinje, ndipo m'chilimwe njovu imaoloka mtsinjewo madzi osafika ndi m'mimba momwe.

Mawu akuti nkhondo sindikuwatchula mwachibwana, pakuti ndikudziwa kuti ena mwa inu munaiona nkhondo yeniyeni ya mfuti. Koma mukakhala usiku umodzi wokha m'mudzi wa kufupi ndi mtsinjewu, mudzamva chifukwa chake anthu a kuno amalankhula za njovu monga momwe ena amalankhulira za asilikali: zinabwera nthawi yanji, zinali zingati, zinalowera kuti, zasiya chiyani. M'dzinja zimadya chimanga, mapira ndi mpunga kumunda. M'chilimwe zimatsata fungo la chakudya mpaka pakhomo, n'kugumula nkhokwe, pena ngakhale khoma la nyumba imene muli ana. Mango akayamba kupsa ndiye zimachita kuyenda pakati pa nyumba ngati eni mudzi. Kumadzi kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo amene amapita kumadziko m'mamawa ndi mayi ndi mwana wake wamkazi.

Pali chinthu china chimene ndinachiona n'kudabwa nacho. Nyama za m'chigwa muno zakhala zikuwerengedwa mosamala kwa zaka zoposa makumi asanu. Mu 1973 akatswiri anauluka pa ndege n'kupeza kuti m'chigwa chonse munali njovu pafupifupi 86,000. Zisanafike pamenepo, kuyambira 1965 mpaka 1972, boma linkachita kupha njovu, mvuu ndi njati mwadala pofuna kuzichepetsa, ndipo malo amene ankachekerapo nyamayo ndiwo anapatsa dzina msika wa pa Mfuwe, umene mpaka lero anthu amautcha Cropping. Kenaka kunabwera opha njovu mozemba, ofuna minyanga, amene pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali atatha zochuluka mwa njovuzo. Chipembere chakuda ndiye anachitheratu, ndipo mu 1998 boma linalengeza kuti m'Zambia monse sichikupezekanso. Zonsezi zinalembedwa m'mabuku, chaka ndi chaka. Koma nditafunsa kuti kodi ndani anawerengapo masiku amene mayi wa ku Kakumbi wagona kunja m'chilindo, akuimba chitini kuti njovu ithawe, anthu anangondiseka.

Mayi wa setifiketi

Mlongo wanga ananditengera kwa mayi wina wamasiye, amene mwamuna wake anakumana ndi njovu m'bandakucha akupalasa njinga kupita ku ganyu. Tinawapeza akusenda mtedza pansi pa mtengo wa mango. Atatipatsa mpando ndi madzi, analowa m'nyumba n'kutulutsa pepala lokutidwa bwino m'pulasitiki.

"Onani, bambo," anatero. "Iyi ndi setifiketi ya zosoka. Maliro atangotha kunabwera bungwe lina, linatiphunzitsa amayi khumi ndi awiri kwa masabata atatu. Anatijambula zithunzi, tinavina, tinadya mpunga."

"Nanga makina ali kuti, mayi?"

"Makina anali awo omwe. Anapita nawo."

Sindikutchula dzina la bungwelo, ndipo sindikunena kuti anthu ake anali oipa mtima. Ndikudziwa bwino momwe lipoti lawo linalembedwera, chifukwa malipoti otere ndinawalembapo: amayi khumi ndi awiri aphunzitsidwa, ntchito yatheka yonse. Palibe bodza m'mawu amenewo. Chimene chikusowamo ndi funso lakuti patapita chaka, ndi angati mwa amayiwo amene anasokapo ngakhale yunifolomu imodzi n'kulandira ndalama. Funso limeneli ndi lodula, pakuti limafuna kuti munthu abwererenso kumudzi kuja ndalama za pulojekiti zitatha kale, galimoto itaperekedwa ku ntchito ina.

Lamulo la za nyama zakutchire la 2015 silinaike chipepeso kwa munthu amene njovu yamudyera mbewu kapena kumuphera m'bale. Choncho mayiyu atataya mwamuna, anatayanso theka la manja olima munda, ndipo palibe ofesi imene akanapitako kukadandaula n'kubwerako ndi kanthu. Nditafunsa chimene chinawathandiza kwenikweni, anatchula zinthu ziwiri zimene sizinali m'mutu mwanga. Choyamba ndi banki ya m'mudzi, kagulu ka amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama, kumene anatengako poyambira geni ya zitumbuwa ndi tomato. Chachiwiri ndi apongozi awo aakazi, amene anakana kuti abale a malemu alande njinga ndi malata. "Akanakhala ena," anatero mayiwo, "bwenzi ndikugona pa mtetete." Chithandizo chachiwirichi sichinalembedwe m'lipoti la aliyense.

Koma nkhani imene inandigwira mtima koposa ndi ya mwana wawo wamwamuna, wa zaka khumi, amene mlongo wanga amamuphunzitsa. M'kaundula wa sukulu mwanayu amalembedwa kuti alipo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mlendo wa mapepala akayang'ana kaundulayo adzati zonse zili bwino. Chimene kaundula sanena n'chakuti mwanayu amafika phunziro loyamba ndi lachiwiri zitatha, chifukwa satuluka m'nyumba dzuwa lisanakwere, ndipo akafika amasinza, poti usiku akangomva nthambi ikuthyoka amadzuka n'kukhala tsonga mpaka kucha. Masamu amaphunzitsidwa m'mawa. Mwana amene kale ankatsogola m'masamu tsopano ali kumchira, ndipo mayeso akadzabwera adzalembedwa kuti ndi mbuli. Kuyambira Januwale 2022 boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake mpaka ku sekondale, ndipo ana achuluka m'makalasi; imeneyo ndi nkhani yabwino zedi. Koma mwanayu chimene chikumutsekereza ndi mtunda wa makilomita atatu wodutsa m'tchire limene linadya atate wake.

Tsabola, adyo ndi nkhokwe za simenti

Ndisakunamizeni kuti m'chigwa muno mulibe ntchito zooneka ndi maso. Bungwe la Conservation South Luangwa, limene linayamba mu 2003, lili ndi magulu a anyamata olondera minda usiku ndi mifuti yoponya timipira todzaza ndi mafuta a tsabola. Kampira kakaphulikira pa thupi la njovu, iyo imabwerera osavulala. Alimi ena amaumba njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola n'kumazifukiza m'mbali mwa munda. Ndinaonanso nkhokwe za simenti zimene kuno amazitcha felumbu, zokhala ndi chivundikiro cholimba, zimene njovu imazinunkhiza n'kuzilephera. Mwa zonse zimene ndinaona, felumbu ndi imene ndinaikhulupirira msanga, chifukwa kuiyesa kwake n'kosavuta: kukacha mumapita kukaona ngati chimanga chilimo. Mayi wina anandiuza kuti chiyambire kusunga chimanga m'felumbu, anasiya kuchilowetsa m'chipinda chogona ana, ndipo pamenepo ndinazindikira kuti nkhokweyo ikuteteza zambiri kuposa chimanga.

Kafukufuku wina amene anachitikira m'dera lomwelino, wotsogozedwa ndi Eva Gross ndi kusindikizidwa mu 2016, anayesa kubzala jinja, adyo, anyezi ndi udzu wonunkhira mandimu pafupi ndi chimanga, n'kumaona chimene njovu idzasankhe. Njovu zinasakaza chimanga, pamene mbewu zinazo zinaonongeka pang'ono, makamaka chifukwa chopondedwa. Ameneyu ndi kafukufuku woona, woyerekeza munda ndi munda unzake, ndipo tiyenera kumulemekeza. Komabe mayi wa ana asanu adzakuuzani kuti adyo saphikira nsima. Kuti mbewu yotere ipulumutse banja, pafunika wogula wodalirika ndi mtengo wokwanira kugula ufa m'mwezi wa Febuluwale, pamene ufa wakwera. Apa ndi pamene ntchito ya COMACO, kampani yogula mpunga, mtedza ndi uchi kwa alimi amene asiya misampha ndi mifuti, imalowera. Ndipo muyeso wake woyenera ndi umene mlimi amautenga pa sikelo tsiku logulitsa.

Za atsikana ndinamva zambiri koma ndinena mwachidule. Bungwe la Project Luangwa lili ndi makalabu a atsikana m'sukulu ndipo amayi ake amasoka nsalu zochapika zodzisamalira nazo pa nthawi ya kumwezi, kuti mtsikana asamajombe masiku anayi mwezi uliwonse. A Chipembele Wildlife Education Trust amaphunzitsa ana za chilengedwe ndi kulipirira ena maphunziro. Pa Mfuwe pali amayi a Mulberry Mongoose amene amapanga mikanda ndi zibangili kuchokera ku waya wa misampha yotoledwa m'tchire, ndi ena ambiri amene amalemba maluwa pa nsalu ku Tribal Textiles. Malamulo nawo asintha: kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pathupi amaloledwa kubwerera ku sukulu akabereka, ndipo mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linakonzedwa kuti ngakhale ukwati wa chikhalidwe usachitike mwana asanakwanitse zaka 18. Koma mlongo wanga akuti chaka cha njala, monga cha chilala cha 2024 chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, malamulowa amayesedwa m'khitchini: nkhokwe ikagumulidwa, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amayamba kuoneka ngati pakamwa powonjezera. Ndinazindikiranso kuti ntchito zambiri zaunjikana m'mbali mwa msewu wa phula, pafupi ndi malo ogona alendo oona nyama. Mukalowera ku Msoro kapena ku Malama zikwangwani za mabungwe zimayamba kusowa, pamene njovu sizisowa.

Chigwachi chinaonapo kale njira ina yoyesera chitukuko, ndipo achikulire amaikumbukira. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi mfumu Nsefu kuti ndalama zochokera kwa alendo oona nyama zizipita kwa Akunda. Mu 1986 kunayamba pulojekiti yaikulu yotchedwa LIRDP, yolipiridwa ndi dziko la Norway, ndipo kuyambira cha m'ma 1996 gawo lalikulu la ndalama za alenje olipira linkafika m'midzi mwenimweni. Anthu ankasonkhana pabwalo, ndalama n'kuwerengedwa aliyense akuona, ndipo mudzi unkagamula wokha kuti zingati zigawidwe m'manja, zingati zimange chipinda cha sukulu kapena kukumba chitsime. Barry Dalal-Clayton ndi Brian Child analemba mbiri ya ntchitoyi m'buku la Lessons from Luangwa mu 2003. Pambuyo pake kayendetsedwe kanasintha, ndalama zinayamba kudzera ku likulu ndi ku makomiti otchedwa Community Resources Board, ndipo madandaulo a kuchedwa kwake amveka kawirikawiri. Gogo wina anandiuza kuti ndalama za masiku amenewo zinali zochepa, zogulira mchere ndi sopo basi, "koma tinkaziona ndi maso, mwanangu, ndipo wakuba tinkamuloza chala pomwepo." Pabwalo lija mayi wosadziwa kuwerenga ankatha kuunika pulojekiti popanda kudikira mlendo wa mapepala.

Njira ya ku Ukwimi

Tsiku lachinayi ndinapeza malo pa galimoto yonyamula thonje imene inkatsika njira yakale ya ku Petauke, yodutsa kwa mfumu Malama. Njira imeneyi imayendeka m'chilimwe mokha, ndipo akashembe anatiluma mpaka tinasiya kuwapirikitsa. Mukaoloka mtsinje wa Lusangazi mwatuluka m'boma la Mambwe, ndipo mukapitirira kukwera mumafika ku Ukwimi. Ndinafuna kukaonako chifukwa kumeneko n'kumene nkhondo ya mfuti inasiya mapazi ake pafupi kwambiri ndi chigwachi.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, imene inayamba mu 1977, inafika mpaka m'midzi ya kum'mawa kwa Zambia. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga zinkaoloka malire n'kupha ndi kuba anthu cha ku Chadiza, Katete ndi Petauke. Dziko la Malawi linalandira othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Zambia inalandira ochepa, ambiri a iwo ochokera m'chigawo cha Tete, ndipo mu 1987 boma pamodzi ndi UNHCR linatsegula Ukwimi kuti liwachotse m'malire moopsamo. Kunakhala anthu pafupifupi 25,000. Banja lililonse linapatsidwa munda, mbewu ndi makasu. Bungwe la Lutheran World Federation linkayendetsa zaulimi ndi zomangamanga, ndipo a Save the Children anali ndi sukulu za mkaka ndi ntchito yothandiza ana amene anaona zoopsa. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi a Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, anthu anayamba kubwerera kwawo, ambiri mu 1994, ndipo malowo anasanduka midzi ya alimi a m'Zambia momwemo.

Pa nthawi yake Ukwimi inkatamandidwa chifukwa othawa nkhondo anafika podzidyetsa okha ndi kugulitsa chimanga chotsala. Umenewo ndi muyeso wabwino, wa matumba, ndipo sukulu ndi zipatala zimene zinamangidwa zikuthandiza anthu mpaka lero. Ine ndinkafuna kumva za muyeso winawo. Anandilozera kwa gogo wina wobadwira ku Tete, amene anatsalira kuno chifukwa anakwatiwa ndi Mnsenga. Chinyanja chake chikadali ndi timawu ta Chipwitikizi apa ndi apo.

"Agogo, ana amene munabwera nawo anachira?"

Anakhala chete kanthawi, akupeta mapira. "Kuchira kwake kuti, mwanangu? Mwana wa mchemwali wanga anafika kuno osalankhula. Miyezi isanu ndi umodzi, duu. Anaona zimene anawachita amayi ake. Ankati akamva galimoto, ali pansi pa tchire. Anamutengera ku sukulu ya ana kuja, ankawapatsa makala ndi mapepala kuti azijambula, ankaimba, ankasewera. Ife kunyumba tinamusambitsa mankhwala monga mwa mwambo wathu, akumpingo anabweranso kudzapemphera. Chimene chinamutsegula pakamwa sindichidziwa. Tsiku lina anangoti, 'Amayi, mbuzi yalowa m'munda.' Ndinalira ngati pamaliro."

"Nanga lero ali kuti?"

"Ali ku Tete, ali ndi ana anayi, ndi kalipentala. Koma mkazi wake akuti mpaka lero sagona chitseko chili chotseka ndi loko. Amafuna pothawira."

Mawu a gogoyu akugwirizana modabwitsa ndi zimene anapeza akatswiri amene anachita chinthu chosowa kwambiri pa ntchito zotere, ndicho kudikira. Mu 1988 ku Maputo kunatsegulidwa nyumba ya Lhanguene yolandirira anyamata amene Renamo inawagwira n'kuwasandutsa asilikali. Neil Boothby ndi anzake anatsatira moyo wa anyamata 39 a m'nyumbayi kwa zaka 16, mpaka 2004. Anapeza kuti ambiri anakula n'kukhala abambo odalirika, okwatira, osamala ana awo ndi olemekezeka pakati pa anansi awo. Anapezanso kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene zakale zinamuchokeratu m'mutu, ndipo amene anakhala nthawi yaitali m'manja mwa zigawenga ndiwo ankavutika koposa. Zimene zinawathandiza kwambiri ndi kulandiridwa ndi kukhululukidwa ndi abale, miyambo yowasambitsa pobwerera kumudzi, ndi kuphunzira ntchito yopezera chakudya. Lipoti la Graça Machel ku United Nations mu 1996, lonena za ana m'nkhondo, linatsindikanso kuti mwana amachirira m'banja ndi m'mudzi mwake, m'sukulu ndi m'masewero.

Taganizani, owerenga: akatswiri aja akanapita kukayesa patangotha chaka chimodzi, bwenzi atalemba kuti anyamatawo ndi otayika, pakuti ambiri anali akadali aukali ndi amantha. Akanangofunsa za ukwati, nyumba ndi munda patapita zaka khumi, bwenzi atalemba kuti onse achira. Mayankho awiriwa akanakhala olakwa onse. Pulojekiti zambiri zimene ndikuzidziwa zimakhala zaka zitatu, ndipo woziunika amabwera mwezi womaliza, kwa sabata imodzi, n'kufunsa mafunso kudzera mwa womasulira amene amalipidwa ndi bungwe lomwelo, mfumu ndi amuna atakhala kutsogolo, amayi ali kumbuyo pa mphasa. Ndani angadandaule pamaso pa mlendo amene mwina chaka chamawa adzabweretsa mjigo? Kwathu kuno timaphunzitsidwa kuthokoza ngakhale msuzi uli wopanda mchere. Mayi wa setifiketi uja anandiuza kuti woyesa atabwera, iye anayankha kuti maphunziro anali abwino kwambiri, ndipo sananame: mpunga unali wabwino, aphunzitsi anali aulemu. Za makina sanafunsidwe.

Ine kuona kwanga, bungwe lofuna kudziwa zoona liyenera kupatula ndalama pang'ono zodzabwerera nazo patapita zaka ziwiri kapena zisanu, ndipo wofunsa akhale mayi wolankhula Chikunda kapena Chinsenga, wokhala pa mphasa pomwepo amuna atapita kumunda. Afunefune makamaka amene anasiya pakati, chifukwa amene anatsala m'gulu ndi amene zinthu zinawayendera kale. Ndipo asanalembe mafunso ake, ayambe wafunsa amayiwo kuti kwa iwo mwana amene ali bwino amaoneka bwanji. Nditayesa funso limeneli kwa amayi a banki ya m'mudzi ija, sanatchule kulemera kwa thupi kapena malikisi a mayeso. Anati ndi mwana amene ukamutuma amapita, amene amasewera ndi anzake mpaka kumuitana kawiri, amene amadya osabisa nsima ina m'thumba.

Kubwerera kuchigwa

Ndinabwerera ku Mambwe pa njinga yamoto, msana uli wowawa, n'kupeza mitambo yoyamba itayamba kusonkhana kumapiri a Muchinga. Usiku womaliza ndinagona kwa mlongo wanga. Cha m'ma 11 koloko agalu anayamba kuuwa, kenaka kunamveka zitini ndi mfuu kuchokera kumadzulo kwa mudzi, matochi akuthwanima m'mitengo ya mango. Ndinamva kuphulika kuwiri kwa mifuti ya tsabola ija, ndi kulira kwa njovu kumene kunandiumitsa m'kamwa ngakhale ndinali m'nyumba ya njerwa. Patapita ola limodzi kunakhala bata. M'mawa tinapeza mapazi aakulu ngati mabeseni atazungulira felumbu ya pa nyumba yachitatu, chivundikiro chili chikhalire. Koma nthochi zonse za mayi wina woyandikana nawo zinali pansi, ndipo mayiyo anali atakhala pa chitsa, manja ali m'masaya.

Mlongo wanga anayamba chaka chino kachitidwe kake kake, kopanda bungwe kapena chikwangwani. Anagwirizana ndi makolo kuti ana a mbali ya kutchire azidikirana pa mlambe wina n'kuyenda pamodzi, wamkulu mmodzi ali patsogolo, ndipo anapempha ahedi kuti m'kalasi mwake masamu azibwera ikatha nthawi yopuma. M'kabuku kake ka chikuto chofiira amalemba nthawi imene mwana aliyense wafika, ndi amene wasinza. Anandionetsa tsamba la mnyamata uja: mu Meyi ankafika cha m'ma 9 koloko, mu Seputembala cha m'ma 8. M'mawa umenewo, pambuyo pa phokoso la usiku, tinaima pa khonde la kalasi kudikira. Gulu la ku mlambe linafika belu litangolira, koma iye munalibe. Anatulukira 9 koloko itadutsa, amayi ake atamugwira dzanja, ndipo mlongo wanga anatsegula kabuku kaja n'kulemba nthawiyo.